Etna Bianco akumveka fungo la machesi, makasitomala akubweza

Weta wa ku Kapa: Akuluakulu ndithandizeni. Pamalo pathu tayamba kugulitsa wayini woyera wa ku Sicily, chilumba cha ku Italy, Etna Bianco wa organic, ndiye vuto ndilakuti ukangotsegula botolo kukumabwera kafungo ngati wayatsa machesi, makasitomala ena akungonunkhiza nkunena kuti ndioonongeka tengani. Manejala akuti tikumusunga molakwika ifeyo ndipo wayamba kukamba zodula malipiro. Sapulaya akuti wayiniyo alibe vuto. Ndimvere ndani apa?

Baman wa ku Joni: Aise palibe chaonongeka pamenepo, limenelo ndi fungo la phiri la Etna. Mphesazo zimalimidwa m'mbali mwa phiri lophulika, dothi lake ndi phulusa ndi miyala yachiphalaphala yokhayokha ndiye ukuyembekezera kuti amveke bwanji? Uzingowauza choncho, azungu nkhani zoterezi amazikonda heve.

Madala a ku cellar: Achimwene a ku Joni, pa nkhani yoti wayini sanaonongeke mwina mukunena zoona, koma zoti fungo la phiri limakwera m'mizu mpaka kukafika m'botolo ayi, tsiku lina mudzakumana ndi kasitomala wodziwa adzakuchititsani manyazi pa tebulo. Fungo limenelo limabadwa nthawi yofulula. Yisiti ikasowa chakudya chokwanira m'madzi amphesa imatulutsa mpweya wa salfa, komanso alimi a organic amaloledwa kuwaza salfa m'munda pothana ndi chinsikwi chamasamba, akawaza mochedwa wina amatsalira pa mphesa. Kenako wofulula akamuteteza kwambiri wayini uja kuti asakhudzane ndi mpweya fungo limatsekeredwa momwemo mpaka inu mutsegule. Ife kuno timati reduction. Opanga ena amachita kulifuna dala pang'ono, kafungo kamwala ndi machesi kaja kali ndi okakonda.

Weta wa ku Kapa: Madala ndamva, koma nanga ndisiyanitsa bwanji ndi uja waonongeka ndi koko, chitsekerero cha botolo chija? Chifukwa kasitomala iye amangoti corked basi.

Madala a ku cellar: Mphuno yako yomweyo mwana wanga. Wa koko amamveka chinyontho, ngati katoni yomwe yanyowa nkukhalitsa m'sitolo, ndipo kukoma kwa chipatso kumazimiririka, ukamusiya pa mpweya fungolo silichoka limachita kuonjezereka. Wa machesi ndi zosiyana, thira m'galasi uzungulize bwinobwino udikire mphindi 10 kapena 15, ngati fungo likuchepa ndipo kukuyamba kumveka mandimu ndi kamchere ndiye kuti ali bwino. Ukafuna kutsimikiza pita kuseri, tenga ka 5 cent kakale kofiira kaja ukatsuke, ponya m'galasi zungulitsa, kopa amagwira salfa uja fungo nkuchoka pompo. Kuseri ndatitu, osati pamaso pa kasitomala, ndipo galasi limenelo ukataye. Koma likakhala fungo la dzira loola kapena kabichi wophika lomwe silikusuntha ngakhale patapita theka la ola, limenelo ndi botolo lobwezera sapulaya, osalimbana nalo.

Mlongo wa ku Manchester: Ndilowepo. Achimwene a ku Kapa filiji yanu mumaika pa ma digiri angati? Ndikufunsa chifukwa malo ambiri wayini woyera amamuunjika limodzi ndi mowa pa 3 kapena 4, nkumuikanso mu ayezi pa tebulo. Carricante, mphesa yomwe amapangira Etna Bianco, ndiyowawasa kale mwachibadwa ndiye mukamuziziritsa chonchi chipatso chonse chimabisala, chotsala ndi asidi ndi machesi anuwo. Muperekeni pa 10 mpaka 12. Ine ndimamuthira mu decanter, chibotolo chagalasi chothiramo wayini kuti apeze mpweya, kasitomala asanalawe nkomwe, anthu amaganiza kuti decanter ndi ya wayini ofiira yekha koma ayi. Ndipo ndimayambiratu kunena ndikutsegula kuti uyu amayamba ndi kafungo ka utsi, tim'patse mpweya pang'ono. Ukanena iwe poyamba zimamveka kuti ukudziwa ntchito, akayamba kudandaula iye chilichonse unganene chimamveka ngati ukuzemba.

Weta wa ku Kapa: Achemwali mwalasa, ali m'filiji ya mowa ndithu. Palinso china, mayi wina anakwiya kuti pa menyu talemba organic koma kuseri kwa botolo kwalembedwa contains sulphites, akuti tikunamiza anthu.

Mlongo wa ku Manchester: Simukunamiza munthu. Malamulo a ku Ulaya kuyambira 2012 amalola sulphites, mankhwala a salfa oteteza wayini kuti asaonongeke, mu wayini wa organic, kungoti mlingo ndiotsika, woyera wopanda shuga amafika 150 mg pa lita pomwe wamba amafika 200. Ndipo botolo lililonse lopitirira 10 mg pa lita limayenera kulembedwa mawu amenewo. Amene amaletsa kuthiramo ndi a ku America pa wayini wolembedwa organic, mwina mayiwo anazolowera kumeneko. Komanso sulphites ndi fungo la reduction ndi zinthu ziwiri, musazisakanize pofotokoza.

Baman wa ku Joni: Chabwino ndagonja pa fungo, koma nkhani ya phiri musaitaye, ndi imene imagulitsa botolo. Etna anakhala DOC, kutanthauza dera la wayini lomwe dzina lake ndi lotetezedwa ndi malamulo, mu 1968, yoyamba ku Sicily konse, minda ina ili pafupi mamita 1,000 ndiye usiku kumazizira, nchifukwa chake asidi samatsika ngakhale chilumbacho nchotentha. Ndipo yang'ana pa lebulo, akalemba Superiore ndiye kuti mphesa zachokera ku Milo kokha, mbali yakum'mawa yoyang'ana kunyanja, Carricante osachepera 80 pelesenti, wamba uja ndi 60. Um'kankhire kwa amene aitanitsa oyster kapena nsomba yootcha, osati munthu wofuna wotsekemera.

Madala a ku cellar: Za malipirozo, uitane sapulaya abwere, mutsegule botolo la katoni yomweyo manejala alipo, galasi lina lochokera m'filiji lina la mu decanter, alawe yekha. Ndipo botolo lobwezedwa musamalitaye, bwezeranipo koko mulembe tsiku, sapulaya sangakupatseni credit pa botolo lomwe sanalione.

Weta wa ku Kapa: Zikomo nonse. Sapulaya wavomera kubwera Lachiwiri shifiti isanayambe, mabotolo ndawasamutsira kale m'filiji ya wayini pa 11. Funso lotsala, decanter tili nawo awiri okha, jagi yagalasi ingagwire?

Mlongo wa ku Manchester: Ingagwire, bola isakhale ija mumaikamo juwisi.