Gulu la banja: filimu ya ana kwa Ambuye tikachoka ku Kulamba

Azakhali a ku Kapata: Mwauka bwanji nonse. Za chakudya tinamaliza, yatsala nkhani ya ana. Loweruka tonse tili ku Mkaika, ndiye filimu ikhale Lamlungu madzulo pabwalo la Ambuye. Ana ndawerenga 31, mwa iwo 12 sanakwane zaka 10. Amalume, makina mumawadziwa ndinu.

Amalume a ku Katete: Tauka. Tiyambe tamvana za filimu yake, chifukwa mafuta ogula tiwadziwira pa kutalika kwake.

Achimwene a ku Lusaka: Ana akulirira Jumanji ya 2017, ya Dwayne Johnson ndi Kevin Hart. Ine ndikupempha kuti ayambe aona yoyamba ya 1995, ya Robin Williams, ija inkayenda pa kaseti khomo ndi khomo. Ambiri sadziwa n'komwe kuti ya 2017 ikupitiriza nkhani yakale. Mu yakale, masewero a pathabwa amameza mnyamata Alan Parrish, n'kukhala m'nkhalango zaka 26, kenako nyama n'kutulukira m'tauni. Mu yatsopano masewero asanduka a pa TV, ndipo ana asukulu anayi ndiwo amalowa m'nkhalangomo. Pali pamene amafika pa msasa wolembedwa dzina la Alan Parrish. Mwana amene sanaone yoyamba pamenepo amangodutsa, koma amene anaiona amakuwa.

Asisi aphunzitsi: Ndikuvomera, koma tisasakanize ana. Ya 2017 anailembera kuti ndi ya azaka 13 kupita m'mwamba. Muli nthabwala za thupi, makamaka pamene mtsikana wapezeka m'thupi la bambo wandevu n'kufuna kutaya madzi. Pamaso pa Ambuye ndi apongozi tidzasowa poyang'ana. Ya 1995 ilibe zamanyazi, kungoti mkango, akangaude aakulu ndi mlenje wamfuti uja amaopsa tiana. Osakwana zaka 6 akhale pamiyendo pa amayi awo.

Amalume a ku Katete: Ndiye zikhale motere. Kumapeto kwa Ogasiti dzuwa limalowa isanakwane 18:00, pofika 18:30 mdima wakwana. Yakale ndi mphindi 104, itha cha m'ma 20:15. Aang'ono akagone. Yachiwiri ndi mphindi 119, tiyambe 20:30 tithe 22:30. Pamodzi ndi kuyesa makina tiwerengere maola 5.

Achimwene a ku Lusaka: Batire la sola la Ambuye silingakwane?

Amalume a ku Katete: Silingakwane. Ndi la 12V 100Ah, ndiye kuti 1200Wh, koma batire la mtundu umenewu sulitsitsa kupyola theka ngati ukufuna likhalitse. Zatsala 600Wh. Pulojekita imene tikubwereka ndi ya babu, imadya pafupifupi 250W, kuphatikiza sipika ndi laputopu tafika 350W. Inveta, imene imasintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, nayonso imadyako. Lidzatha filimu yoyamba isanathe, Ambuye n'kugona mumdima sabata yonse. Ndibwera ndi jenereta yaing'ono. Petulo malita 5, ndipo poti ndi ya 2-stroke, oyilo wosakaniza 100ml. Mukathira petulo yekha injini imauma n'kugwirana. Ikhale kuseri kwa nkhokwe, mamita 20 kuchoka pamene ana akhala, utsi ukupita kwina. Wina asaganize zoilowetsa m'khitchini kuti phokoso lichepe, mu utsi wake muli mpweya wopanda fungo umene umapha anthu.

Azakhali a ku Kapata: Chingwe chachitali chili kwa ine, cha mamita 25.

Amalume a ku Katete: Muchivundukule chonse pa chozungulira chake, chikakhala chokulunga chimatentha. Ndipo pozimitsa, yambani ndi batani la pulojekita, mudikire fani isiye kulira, kenako jenereta. Kuzimitsa jenereta poyamba ndiko kumapsereza babu, ndipo chinthucho n'chobwereka.

Mlamu wa ku Mchini: Za chinsalu ndigwira ine. Mphepo ya Ogasiti mukuidziwa, nsalu yongokoleka pa chingwe izivina ngati mbendera. Nsungwi ziwiri zokumbira pansi kufika m'bondo, ina yopingasa pamwamba, ina pansi, nsalu yoyera ya pabedi yokokedwa mbali zonse zinayi. Kumbuyo tiike bulangeti lakuda, apo ayi kuwala kumapyola ndipo chithunzi chimazilala. Chithunzi cha mamita 2 m'lifupi chimafuna pulojekita ikhale cha pa mamita 3, pa tebulo losagwedera. Pansi pa chithunzi pakhale pofika m'chiuno mwa munthu wamkulu kuti mitu ya akutsogolo isatchinge.

Achimwene a ku Lusaka: Mafilimu onse awiri ndili nawo pa DVD zogula, tionetsa kudzera pa laputopu ndi chingwe cha HDMI. Musadalire foni. Mapulogalamu ngati Netflix amatseka chithunzi mukachitumiza ku pulojekita popanda chingwe, mumangomva mawu nsalu ili bii. Netiweki ya kumudzi nayonso siingasenze filimu ya maola awiri. Mawu ndiwatulutsa pa laputopu ndi kachingwe ka mahedifoni kupita ku sipika. Bluetooth imachedwetsa mawu, pakamwa pamayamba kuyenda mawu n'kubwera pambuyo, ndipo nthabwala ikachedwa siseketsa.

Asisi aphunzitsi: Nanga Ambuye ndi aang'ono osamva Chingelezi? Pakhale womasulira, koma asalankhule pamwamba pa filimu yonse. Afotokoze isanayambe, aimitse pamene Alan wamezedwa ndi pamene watuluka ali ndi ndevu, basi. Pa yachiwiri angowauza kuti mizere itatu ya pamkono ndi miyoyo ya munthu, ikatha wapita. Zinazo azitsatira okha.

Azakhali a ku Kapata: Mumasulira ndinu Asisi, mawu muli nawo. Ambuye atumiza uthenga kuti iwo amakumbuka ya munthu wa ku Kalahari ndi botolo lija, The Gods Must Be Crazy. Akuti imeneyo safuna womasulira.

Achimwene a ku Lusaka: Ya 1980 imeneyo, ndipo ili ndi yachiwiri ya 1989, ya ana awiri otengedwa pa lole ya opha njovu, bambo wawo n'kuwalondola wapansi. Ndiifunafuna. Ikapezeka tiwaonetse Lolemba, Amalume awonjezere malita awiri.

Mlamu wa ku Mchini: Mbuluuli tigule kilo imodzi ndi theka. Muzikazinga theka la kapu pa nthawi imodzi, masipuni atatu a saladi, m'poto wovundikira, mukugwedeza. Mukadzaza poto zapansi zimapserera zapamwamba zisanaphulike. Mchere pomaliza. Nshawa zilipo kale kwa Ambuye, thobwa aphike Lachisanu.

Azakhali a ku Kapata: Khomo lililonse K60 pa nambala yanga pofika Lachitatu, ya petulo, oyilo ndi mbuluuli. Mphasa zilipo zisanu, zikusowa zitatu. Ana abwere ndi majuzi, pofika 21:00 kumazizira. Ana a oyandikana nawo adzabwera ndithu, tiwasiyire malo, tisawabweze.

Amalume a ku Katete: Mlamu ndi Achimwene, tikumane pabwalo Lamlungu 16:00 tiyese zonse kukali kowala. Bwerani ndi tochi ndi chingwe china cha HDMI chapadera.