Studio yatsekedwa, portfolio ilibe kanthu, nanga NDA nditani nayo?

Kadzidzi3D:
Akuluakulu thandizeni, mutu sukugwira. Studio yathu anaitseka mwezi watha, gemu imene tinavutikira zaka zitatu yathera pomwepo isanalengezedwe n'komwe. Perforce, momwe tinkasungira mafayilo a gemu, anatidula tsiku lomwelo, changelist yanga (zimene ndinasintha) ikadali pending pa seva imene sindidzaionanso. Ndine environment artist, wopanga malo a mu gemu, ndimagwiritsa ntchito mapulogalamu a Unreal ndi Substance. Pa ArtStation panga, webusaiti yoonetsera zimene munthu wajambula, pali zinthu za zaka zinayi zapitazo, zochititsa manyazi. Pano kampani ina yopanga ma simulation ophunzitsira oyendetsa makina a m'migodi yandiitana, ikufuna portfolio, zitsanzo za ntchito yanga, pofika Lachisanu. Ndili ndi ma screenshot 40 ndi ma mesh (zinthu za 3D) angapo a gemu ija pa kompyuta yanga. Ndiwaike pa link ya password? NDA, pangano losaulula zinsinsi, ndinasainirana ndi kampani yomwe kulibenso, ndiye wondisumira ndani?

Nkhwazi_TD:
Musaike achimwene. Kampani imafa koma katundu wake amagulidwa. Kampani ya magemu ya THQ itagwa, mu Januwale 2013 zinthu zake zinagulitsidwa pa okushoni, studio ya Relic inapita kwa Sega, Volition kwa Koch Media. Telltale inatseka mu 2018, chaka chotsatira LCG Entertainment inagula dzinalo ndi magemu ena. Wogula IP yanuyo, umwini wa gemuyo, ndi amene adzakufunefuneni. Pezani amene akuyendetsa za kutsekedwa kwa kampaniyo, akupatseni chilolezo cholemba.

Nyerere_QA:
Pepani kwambiri. Ife potichotsa ntchito anatiitanira msonkhano wa mphindi khumi, potuluka tinapeza Slack, pulogalamu yolemberana mauthenga kuntchito, yatitulutsa kale tonse. Kapu yanga inatsala pa desiki. Ine ndinasiya za magemu, pano ndimayesa mapulogalamu a mabanki. Jira, momwe timalembamo zolakwika za pulogalamu, ndi yomweyo, bug report ndi yomweyo, kusiyana kwake 5 koloko ikakwana ndimaweruka. Pa intavyu sanandifunse gemu iliyonse, anangofuna kuona mmene ndimalembera repro steps, ndondomeko yoti wina aonenso cholakwika chimene ndapeza.

Gulugufe:
Link ya password aliyense amachita, tisanamizane. Ine ndinaonetsa pa laputopu yanga pamaso pawo, sindinatumize fayilo. Ntchito ndinaipeza.

Nkhwazi_TD:
Kusagwidwa si chilolezo, achemwali. Ndiponso wolemba ntchito akaona kuti mwamuonetsa zinsinsi za kumene munali, amadziwa kuti mawa mudzaonetsa zake. Ine ndakhalapo mbali inayo ya tebulo, tinamukana munthu waluso kwabasi pa chifukwa chomwechi. Chilolezo cholemba basi.

Kadzidzi3D:
Chilolezocho ndikachipeza kuti? Imelo ya HR ikubwerera. Producer wathu naye akusaka ntchito ngati ine.

Chiswe_Lookdev:
Masiku anayi ndi okwanira kupanga kakona kamodzi katsopano. Osati level yonse, khoma limodzi, mapaipi, chitseko chachitsulo, trim sheet (chithunzi chimodzi chokutira zinthu zambiri) imodzi yabwino. Muonetse wireframe, texel density, ma LOD ndi draw calls, zimene zimaonetsa mmene munachipangira ndiponso kulemera kwake pa kompyuta. A simulation, makamaka ngati ndi VR, amayang'ana kwambiri ngati chinthu chikuyenda pa 90 fps (zithunzi 90 pa sekondi), ndiponso ngati kukula kwa makinawo ndi kolondola. Dzimbiri lokongola lija timalikonda ife silowasangalatsa kwenikweni. Koma samalani, musapangenso zofanana ndi za gemu ija. Concept art, zojambula zoyamba za gemuyo, inali ya kampani, kuijambulanso ndi dzanja lanu sikuisandutsa yanu. Pa CV lembani kuti project yosalengezedwa, injini yake, ndi udindo wanu.

Nyerere_QA:
Komanso lumikizanani ndi lead wanu panopa asanabalalike. Gemu yosatuluka ilibe ma credits, mndandanda wa oipanga, ndiye pa webusaiti ya MobyGames yosunga mainawo simudzapezeka. Umboni wanu ndi anthu. Ine gemu ina ndinaigwirira miyezi 20, ndinachoka kutatsala pang'ono kuti ituluke, dzina langa analichotsa. Mpaka lero zimandiwawa.

Gulugufe:
Nanga bwanji inu otsalanu osangoyambitsa yanu? A Two Point Studios anachokera ku Lionhead, ndipo anatulutsa Two Point Hospital mu 2018. Playtonic ndi anthu akale a Rare. Campo Santo anaiyambitsa anthu ochoka ku Telltale mu 2013, Valve inadzaigula mu 2018.

Chiswe_Lookdev:
Amenewo ndi omwe tikuwadziwa chifukwa zinawayendera. Ife tinayesa anthu asanu, ndalama zathu zomwe, vertical slice (kachigawo kachitsanzo ka gemu) miyezi isanu ndi iwiri, publisher aliyense ankati zabwino kwambiri, tionane mukafika patali. Pano mmodzi amaphunzitsa pulogalamu ya Blender, awiri amapanga zithunzi za nyumba zisanamangidwe, wina anangosowa pa Discord.

Nkhwazi_TD:
Ndipo mukayambitsa yanu, ma mesh muli nawowo asalowemo ngakhale limodzi. Kungokhala nawo pa kompyuta yanu ndi nkhani ina kale, werenganinso kontirakiti yanu pa gawo la kubweza katundu. Ndabwerezanso, chilolezo cholemba.

Nyerere_QA:
Chiswe, a zithunzi za nyumbawo akugwiritsa ntchito Unreal kapena akadali pa V-Ray? Mlamu wanga akufuna kulowa kumeneko.