Kodi ulendo wa tsiku lonse wokaona mbalame ku Yorkshire ndiuyambire kungalande kapena kugombe?

Mlendo wa ku Leeds:
Ndakhala ku Leeds, mzinda wa m'dera la Yorkshire ku England, zaka ziwiri, koma masiku anga opuma amathera m'nyumba. Popeza chisanu chikutha ndipo dzuwa layamba kulowa mochedwa, ndikufuna ndiyambe kuyenda ulendo wapansi wa tsiku lonse ndikuona mbalame. Anzanga a kuntchito ena akuti nditsate ngalande ya Leeds and Liverpool, ena akuti ndipite kugombe la Bempton. Ndilibe galimoto, ndipo mbalame za kuno sindikuzidziwa. Akuluakulu amene munayendako, ndiyambire kuti, ndipo mwezi uti?

Mayi wa ku Shipley:
Achimwene, yambani ndi ngalande, makamaka mu Epulo. Ngalande yonseyo ndi yaitali makilomita 204, koma inu mukwere sitima kukatsika pa Saltaire, kenako mutsate njira ya m'mphepete mwa madzi kulowera ku Skipton. Ubwino wake ndi woti njanji imadutsa kufupi, choncho miyendo ikakana mukhoza kukwerera pa Bingley kapena pa Keighley n'kubwerera kwanu. Mukayenda pafupifupi makilomita 5 mufika pa Bingley Five Rise, zipata zisanu za madzi zimene zinatsegulidwa mu 1774, zomwe zimakweza maboti mamita 18.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi nthawi yonyamukira. Mbalame zimaimba kwambiri m'bandakucha, anthu a njinga ndi agalu asanadzaze njira. Ine ndinataya chaka chathunthu ndikuyamba ulendo dzuwa litakwera, ndipo ndinkangoona abakha. Tsiku limene ndinalawirira, ndinaima pamlatho wina nditagwira tiyi wanga, ndipo mbalame yogwira nsomba yotchedwa kingfisher inadutsa mofulumira pamwamba penipeni pa madzi, msana wake uli mbee ngati galasi la buluu, n'kukatera pa nthambi yolendewera. Inakhala pamenepo ikugwedeza mutu, kenako inadziponya m'madzi n'kutuluka ndi kansomba kukamwa. Muzimvetseranso kambalame kotchedwa chiffchaff, kamene kamafika mu Marichi ndipo kulira kwake kumamveka ngati kakutchula dzina lake lomwe. Mukakaphunzira kameneko, khutu lanu lidzayamba kusiyanitsa zina.

Bambo wa ku Hull:
Ndikugwirizana ndi mayi, koma musalole kuti Meyi ndi Juni adutse musanafike ku Bempton Cliffs. Malowa amayang'aniridwa ndi bungwe loteteza mbalame la RSPB, ndipo mbalame za m'nyanja pafupifupi theka la miliyoni zimabwera kudzaswana m'matanthwe oyera otalika mamita oposa 100. Sitima ya pakati pa Hull ndi Scarborough imaima pa Bempton, ndipo kuchokera pasiteshoni mumayenda pansi pafupifupi theka la ola.

Musanazione mbalamezo, mumayamba mwamva phokoso ndi fungo la zitosi zake. Mbalame zikuluzikulu zotchedwa gannet, zimene mapiko ake akatambasuka amayandikira mamita awiri, zimadutsa pafupi ndi nkhope yanu zitanyamula udzu womangira zisa. Ambiri amapitira puffin, mbalame yaing'ono ya mlomo waukulu wowala, koma imeneyi imafuna kuleza mtima chifukwa imabisala m'ming'alu ya thanthwe. Yang'anani timiyendo tofiirira, osati mlomo. Ngati muli ndi mphamvu, tsatani njira ya pamwamba pa phompho kudzera ku Flamborough Head mpaka ku Bridlington, kumene mungakwerenso sitima. Nyamulani jekete yotchinga mphepo ngakhale kutawala dzuwa, ndipo musayandikire m'mphepete. Mukatsikira kumchenga, yambani mwadziwa nthawi imene madzi akwere, chifukwa nyanja ya kuno imabwerera kumtunda kawiri pa tsiku, zimene ife ozolowera nyanja ya Malawi timaziiwala.

Mphunzitsi wopuma:
Ndiwonjezereko za namzeze, pakuti nkhani yake imatikhudza. Anamzeze amene mudzawaone akuuluka motsika pamwamba pa ngalande mu Epulo amakhala atachokera kum'mwera kwa Africa. Zimenezi zinadziwika pamene namzeze wina amene anamuveka kamphete kumwendo ku Staffordshire, kuno ku England, mu 1911 anapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912. Mtundu womwewu ndi umene umadzaza pa nthambo za magetsi kwathu m'nyengo ya dzinja. Chaka chilichonse ndimalemba m'kabuku tsiku limene ndaona woyamba.

Mlendo wa ku Leeds:
Zikomo kwambiri nonse. Loweruka likubwerali ndikwera sitima yam'mawa kupita ku Saltaire, ndipo Bempton ndamusungira kumapeto kwa Meyi. Mnzanga wina walonjeza kundibwereka magalasi oonera patali. Mayi, kodi njira ya pakati pa Bingley ndi Skipton imakhala ndi matope ambiri mvula ikagwa usiku?