Thandizeni abale, mayi anga awabera pa foni. Nambala yachilendo tingaidziwe bwanji?

Membala wosatchula dzina

Muli bwanji nonse pagulu pano? A admin chonde mundivomerere uthengawu, mtima wanga sukukhazikika.

Mayi anga amakhala kumudzi ku Ntcheu, ine ndili ku Blantyre kuno. Achimwene anga aakulu ali ku Joni, ndipo nthawi ndi nthawi amatumiza katundu kudzera kwa ma transipota, monga mabulangete, mafuta ophikira ndi sopo. Lachiwiri m'mawa mayi akungofika kuchokera kudimba, foni inalira. Anali bambo wa mawu aulemu kwambiri. Anati ndi dalaivala, wanyamula katundu wochokera kwa mwana wawo, ali pa boda ya Mwanza ndipo pakufunika K85,000 ya msonkho isanakwane 12 koloko, apo ayi katundu yense alandidwa.

Mayi anamasula ndalama zomwe anamanga pa nsonga ya chitenje, zomwe amasungira feteleza. Zotsalazo anakabwereka ku banki m'khonde. Anayenda wapansi mpaka pa trading, osadya kanthu, nakatumiza kwa ejenti. Pofika madzulo nambala ija sinkapezekanso. Nditawaimbira achimwene pa WhatsApp anadabwa, sanatumize kalikonse mwezi uno.

Ndalamazo zikundiwawa, koma chondiwawa koposa n'chakuti mayi tsopano akuopa foni yawo yomwe. Dzulo ndaimba kanayi osayankha, akuti amangoiyang'ana ikulira pa mphasa. Kuwauza kuti asamayankhe nambala zachilendo sizingatheke, chifukwa achimwene amasinthasintha nambala, ndipo uthenga wa maliro kumudzi umabwera ndi foni ya aliyense. Foni yawo ndi ka mabatani, si ya intaneti. Kodi pali njira yodziwira mwini nambala? Nanga inu makolo anu mumawateteza bwanji?

Mayi wina wa ku Area 25

Pepani kwambiri achemwali. Ine ndimagwiritsa ntchito Truecaller, pulogalamu ya pa foni ya intaneti yoonetsa dzina la woimba, imandithandiza ndithu, nambala zina zimabwera zitafiira kusonyeza kuti anthu ambiri anazidandaula. Koma maina ake imatenga m'mafoni mwa anthu, si aboma ayi. Wakuba akhoza kudzilemba yekha kuti "Customer Care". Ndipo pa kafoni ka mayiwo singalowe.

Ejenti wa ku Limbe

Ine ntchito yanga ndi yomweyi, zaka zisanu ndi chimodzi ndili pa kauntala. Njira yosafuna intaneti ilipo. Lowani ngati mukufuna kutumiza ndalama, *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, lembani nambalayo ndi ndalama pang'ono. Musanaike PIN, dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa limaoneka. Mukaliona mungosiyira pomwepo. Akakhala kuti woimbayo ndi bambo koma dzina latuluka la mayi, kapena akuti ndi ofesi koma latuluka dzina la munthu, dziwani kuti pali chinyengo.

Ndikuchenjezeni chabe kuti ngakhale MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni, inalamula mu 2018 kuti nambala zonse zilembetsedwe ndi chiphaso, akubawa amalembetsa ndi ziphaso za eni ake, zotola kapena zonyengerera anthu osadziwa. Ndiye dzina mukaliona musathamangire kukalimwaza pa Facebook, mutha kunyazitsa agogo osalakwa.

Ine munthu wamkulu akabwera akunjenjemera, foni ili kukhutu wina akumuuza zochita, sinditumiza. Ndimamupatsa mpando, ndimuuze adule kaye foniyo tiimbire mwana wakeyo. Ena amakwiya, koma mawa lake amabwera kudzathokoza.

Bambo wina ali ku Johannesburg

Ife tili kunoko nkhaniyi imatipweteka zedi. Msonkho wa pa boda amalipira ku MRA ndipo pamakhala lisiti, satumiza pa nambala ya munthu. Komanso transipota timagwirizana naye ife otumizafe kunoko. Pakavuta china panjira amayenera kuimbira ine, osati mayi anga. Funso langa: dzina la achimwene anuwo anatchula ndani, wakubayo kapena mayi? Afunseni mofatsa.

Membala wosatchula dzina

Achimwene mwalasa. Ndawaimbira pa foni ya a neba. Akuti bamboyo anangoti "mwana wanu wa ku Joni uja," ndiye iwo mwachimwemwe anatchula dzina okha, mpaka kufunsa ngati mabulangete alimo. Kuyambira pamenepo iye ankangobwereza zomwe mayi anena.

Mphunzitsi wa ku Kasungu

Ndi mmene amachitira. Amaimbira nambala zambirimbiri, akudziwa kuti m'midzi yathu makomo ambiri ali ndi mwana ku Joni. Kwathu kuno amanena kuti mwana wakomoka kusukulu, tumizani ya galimoto. Ena amatumiza meseji ya "ndalama ija mutumize pa nambala iyi," ena akuti alakwitsa kutumiza muwabwezere, pomwe mukaona balansi palibe chalowa. Onsewa chida chawo ndi changu, safuna mupeze mpata wofunsa munthu wina.

Ife pabanja pathu tinapangana mawu amodzi, dzina la ng'ombe yomwe malemu bambo anali nayo kale. Aliyense wopempha ndalama m'dzina la mmodzi wa ife, mayi amamufunsa dzinalo. Ndinawalemberanso nambala zathu ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni, ndinakhoma pafupi ndi kalendala. Lamulo ndi limodzi: asanamasule chitenje, aflashe mmodzi wa ife.

Ejenti wa ku Limbe

Ndinaiwala. Meseji yotsimikiza kuti ndalama zapita musaifufute, muli nambala ya transaction. Pitani nayo ku shopu ya kampani ya foniyo ndiponso ku polisi. Kubweza n'kovuta chifukwa amatapa nthawi yomweyo, koma nambalayo ikhoza kutsekedwa isanalize ena. Ndipo mayi muwauze kuti PIN sapatsa munthu, ngakhale atati ndi wa kukampani.

Membala wosatchula dzina

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Loweruka ndikwera minibasi kupita ku Ntcheu, katoni ndi cholembera ndagula kale. Ngongole ya ku banki m'khonde tagawana ndi achimwene kuti mayi asachite manyazi pamaso pa anzawo. A ejenti, meseji ija inapita pa foni ya ejenti wa kumudzi, osati ya mayi. Ndikakamupempha angandipatse nambala ya transaction, kapena ndiyambe ndapita ku polisi?