Mpeni wopinda woyenda nawo m'thumba: ndigule uti kuti ndisaonongenso ndalama?

Akuluakulu a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kanazale ka mitengo ya zipatso ku Chinamwali, mbande za mango, mapeyala ndi malalanje. Mpeni ndimaugwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa: kudula chingwe, kung'amba machubu powokera, kumezanitsa, ndiye masana ndikasendereko nzimbe. Chaka chino chokha ndagula itatu mu shopu ina m'tauni muno. Woyamba unathyoka nsonga pa sabata imodzi. Wachiwiri kanali kokongola, kakuda, kolembedwa mawu achingerezi mbali zonse, koma ukanola m'mawa, pofika 10 koloko wabuntha. Wachitatu ndi umene wandibweretsa pano: ndikudula nthambi ya mango unangodzipinda wokha n'kunditema chala chamkombaphala. Panopa ndikulemba ndi bandeji.

Ndili ndi K30,000 ndipo mlamu wanga akubwera kuchokera ku Joni mwezi wamawa, ndiye akhoza kundigulira konko ndikamuuza dzina lenileni. Sindikufuna wodzionetsera, ndikufuna wogwira ntchito, wokwana m'thumba la buluku. Amene munagwiritsapo ntchito ndiuzeni, osati zongomva.

Bambo wina wa ku Domasi: Achimwene, musavutike, muuzeni mlamu wanuyo akugulireni Okapi. Ndi mpeni umene ankabwera nawo akuluakulu athu pochoka ku migodi. Poyamba unkapangidwa ku Germany, kuyambira 1902, koma kuyambira 1988 ukupangidwira ku South Africa komweko, ndiye kumeneko suvuta kupeza ndipo si wodula. Uli ndi kamphete kumsana, mukautsegula umalira kuti krrr n'kukhoma, ndipo supindika pokhapokha mutakoka kamphetako. Wanga ndinasiyiridwa ndi malemu bambo anga, chitsulo chinachepa ndi kunola koma ukuphabe nkhuku pa Khirisimasi.

Mnyamata wina wa ku Chikanda: Okapi? Madala mukufuna munthuyu agone ku polisi? Umenewo ndi mpeni wa atsotsi kkkk

Bambo wa ku Domasi: Mwana iwe, mpeni suba, amaba ndi munthu. Chikwanje chili m'nyumba mwanu anakumangani nacho kangati?

Mayi wina wogulitsa nsomba mumsika waukulu: Ine za mayina sindidziwa, koma chimene ndaona n'choti mipeni imene imathwa bwino imachita dzimbiri msanga. Ndimatumbula milamba yochokera ku Kachulu tsiku lililonse, ukangoiwala kupukuta madzulo, m'mawa uupeza wafiira. Ndiye Zomba yathu ino mukuidziwa, mvula ikayamba ngakhale zovala pachingwe siziuma masiku atatu. Ganizirani zimenezo achimwene.

Wofunsa: Zoona mayi, ndipo ntchito yanga n'njamadzi, ndimathirira kawiri pa tsiku. Ndiye kusiyana kwake n'kotani kwenikweni? Ine ndimangoona kuti chitsulo n'chitsulo.

Mkulu wina wowotcherera zitsulo ku Mpondabwino: Ayi bwana, zitsulo za mipeni zilipo ziwiri zoti muzidziwe. Pali chimene amati carbon steel, ndiye cha Okapi wa mphete uja. Chimenechi chimanoleka mosavuta ngakhale pamwala wa mumtsinje wa Likangala, ndipo chimathwa ngati lezala, koma chimachita dzimbiri monga akunenera mayiwo. Ndiye pali stainless, chimene amasakaniza ndi chromium yopitirira 10 peresenti kuti chisachite dzimbiri. Stainless yabwino ilipo, koma ya mipeni yotchipa kwambiri ija nthawi zambiri saiwumitsa bwino pamoto, n'chifukwa chake inu mumanola m'mawa pofika 10 koloko yatha. Imakhala yofewa, kukamwa kwake kumangopindika.

Chinanso, mpeni wa carbon ukasendera mango kapena mandimu umada, umachita ngati phulusa. Anthu amadandaula n'kumakwecha ndi sitiliwulu. Musakweche. Kudako si dzimbiri, ndipo kumathandiza kuti dzimbiri lofiira lisalowe msanga. Chofunika ndi kupukuta mukatha ntchito, ndi kadontho ka mafuta ophikira ngati mukudyeranso zipatso. Ndipo chonde musadzabwere nawo kwa ine kuti ndinolere pa girayinda. Chitsulo chopyapyala chikatentha mpaka kusintha mtundu, kuuma kwake kwatha, mwataya mpeni. Nolo ndi madzi basi. Ngati nolo palibe, tembenuzani kapu yadothi ya tiyi, kunsi kwake kuli kamzere kokhakhala kosapakidwa, nolerani pamenepo, kenako mupititse pa lamba wachikopa.

Mphunzitsi wina wa ku Matawale: Ine ndikutsutsako za Okapi pa ntchito ya munthuyu. Powerenga funso ndaona mawu oti kumezanitsa, ndipo enanu mwawadumpha. Okapi wamkulu uja ndi wabwino kuphera mbuzi ndi kusema mpini, koma pa kanthambi ka peyala kochepa ngati pensulo ndi wautali, ndipo umabwera wosathwa kwenikweni, uyenera kuyamba waukhalira pansi ndi nolo. Komanso kuutseka kumafuna manja awiri ndi kusamala, chala chimene chili ndi bandejicho chikhoza kulandira mnzake.

Wanga ndi Opinel nambala 8. Mipeni ya Opinel imapangidwa ku France kuyambira 1890, chogwirira chamtengo, chitsulo chake n'chotalika masentimita 8.5 ndipo n'chopyapyala kwambiri, n'chifukwa chake chimadula mosalala osaphwanya khungwa. Loko yake ndi kachitsulo kozungulira pakhosi, mukatsegula mumangopotokola, basi sungakupindikireni. Palibe sipuling'i yoti ithe mphamvu. Ulipo wa mitundu iwiri, pachitsulopo amalemba Carbone kapena Inox. Inox ndiye stainless, ndipo yawoyi si yofewa ngati ya mipeni ya pa shopu. Kwa munthu wothirira mbande ine ndikuti Inox. Vuto lake limodzi ndikuuzirenitu: chogwiriracho chikanyowa chimafufuma, mpeni umakana kutseguka. Ndinakwera nawo ku Chawe tsiku la mvula, pofuna kudula chinanazi ndinachita kulimbana nawo ana akundiseka. Pambuyo pake ndinaphunzira kuti umangogogoda kumchira kwa chogwiriracho pa thabwa, chitsulo chimasuzumira chokha.

Bambo wa ku Domasi: Aphunzitsi, mpeni woti ukaona mvula ukukana kutseguka, ku Zomba kuno? Ndiye uzigwira ntchito miyezi ingati pa chaka?

Mphunzitsi: Bambo, wanuwo ukaona mvula umachita dzimbiri, ndiye tafanana. Wanga ndinaupaka mafuta pachogwirira n'kuusiya uume, vuto linachepa.

Mnyamata wa ku Chikanda: Bwanji osangogula wa Swiss wofiira uja, uli ndi sizasi, chotsegulira botolo, chilichonse. Pa Facebook akugulitsa K8,000.

Mkulu wa ku Mpondabwino: Wa K8,000 ameneyo ndi feki aise, kamtanda ka pachogwirira kokha ndiye kofanana. Weniweni ndi Victorinox, amachokera ku Switzerland ndipo dzina limadindidwa kutsinde kwa chitsulo chachikulu. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye chinthu chochoka ku Ulaya chikamatchipa chonchi dzifunseni. Ndipo timipeni tofiira tating'onoto tambiri tilibe loko, timangogwidwa ndi sipuling'i. Munthu wangotemeka kumene ndi mpeni wodzipinda.

Mayi wina amene anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi: Pepani ndalowa mochedwa. Achimwene, vuto lanu ndi loti mukufuna mpeni umodzi ugwire ntchito ziwiri zosagwirizana. Wong'ambira machubu umakhudza mchenga, ndipo palibe chimene chimabunthitsa mpeni msanga ngati mchenga. Nzimbe nazo zimadya kukamwa. Kenako ndi womwewo mukadule nawo kamtengo komezanitsa, pamene pakufunika bala losalala loti mbali ziwiri zigwirane bwinobwino popanda mpata. Mwina mbande zina zimene zimakukanikani kugwira, chifukwa chake n'chimenechi. Mipeni yeniyeni yomezanitsira amainola mbali imodzi yokha, inayo imakhala yafulati, ndipo Victorinox yemweyo amapanga yoteroyo, ya chitsulo chimodzi chokha. Ku Joni mlamu wanu akafunse m'mashopu a zipangizo za m'munda. Ngati mumagwira ndi dzanja lamanzere anene, chifukwa mbali yonolayo imasiyana. Umenewo uzikhala m'nazale, muziupukuta ndi sipiriti mukachoka pa mtengo wina kupita pa wina kuti musafalitse matenda. Wa m'thumba ndiye ukhale wa chingwe ndi nzimbe, ndipo pamenepo Okapi wa bambo aku Domasi alibe vuto.

Bambo wina woyendetsa minibasi ya Zomba–Limbe: Kungowonjezera, wosankha asankhe koma kayendedwe nawo ndi nkhani ina. Pa rodibuloko akakupezani nawo m'chikwama pamodzi ndi chingwe ndi mbande, nkhani imakhala yofotokozeka. Koma usiku ku bala kapena ku mpira, usiyeni kunyumba. Ndipo mlamu wanuyo ngati akubwera pa ndege auike m'chikwama chachikulu cholowa pansi, cha m'manja amulanda.

Wofunsa: Akubwera pa basi, kudzera ku Mwanza. Zikomo nonse, sindimayembekeza kuti nkhani ya mpeni ingafike apa. Mayi a zaulimi mwandigwira penipeni, chaka chatha mapeyala ambiri sanagwire ndipo ndinkanamizira kutentha. Ndamutumizira mlamu uthenga: ayambe wayang'ana womezanitsira wonola mbali imodzi uja, chenji ikatsala agule Okapi wamng'ono. Aphunzitsi musakhumudwe, Opinel ndaulemba kuseri kwa kope, udikire ndigulitse mbande za Disembala. Akulu a ku Mpondabwino, Loweruka ndikupezani mundionetse kagwiridwe ka nolo, chifukwa ndikukayika kuti mwina mipeni iwiri ija ndinaipha ndekha pa simenti ya pakhonde.

Mkulu wa ku Mpondabwino: Pa simenti? Bwerani m'mawa magetsi asanazime, mutengenso wachiwiri wakuda uja tiuone.