Fomula ikuthawa ndikaikokera pansi

Chikondi: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Katundu amene taoda ku Johannesburg mitengo yake ya randi ili mu column C pa Excel, reti yosinthira randi ndaiika pa F1. Pa D2 ndalemba =C2*F1, yatuluka bwinobwino. Koma ndikakokera pansi, mizere 300 yonse ikungopereka 0. Abwana akuifuna pofika 4 koloko!

Nabanda: Dinani D3 muone, mupeza yalemba C3*F2, ndipo F2 mulibe kanthu. Imangeni F1 yo ndi zizindikiro za dola ($) ikhale $F$1, kuti isasunthe pokokera. Ikani cursor pa F1 mu fomulamo, dinani batani la F4 pa keyboard, mukokerenso.

Bambo Gondwe: Madola onsewo ngachiyani? Ingolembani reti yeniyeniyo mu fomula basi. Ine zaka 20 ndikutero.

Nabanda: Ayi bambo, musamuphunzitse zimenezo mwanayu. Novembala 2023, kwacha atayigwetsa ndi 44%, kuntchito kwathu kwakale tinagona mu ofesi. Amene tinamulowa m'malo anamwaza reti m'mafomula a masheet 12, kwina atailemba mosiyana. Ikanakhala mu cell imodzi, inali ntchito ya mphindi imodzi.

Yamikani: Komanso F4 yo samalani nayo. Imazungulira: $F$1, F$1, $F1, kenako kubwerera pa F1. Mukadina kawiri osaona, kutsika pansi zioneka bwino, tsiku lokopera cham'mbali mudzalira. Malaputopu ena amafuna Fn+F4. Alt+F4 ayi, imeneyo imatseka Excel.

Bambo Gondwe: Mwaona? Mavuto okhaokha. Nambala yolemba ndi dzanja sithawa. Reti ikasintha pali Find and Replace.

Yamikani: Find and Replace yomweyo inandisinthira ndi mitengo ya simenti yomwe, chifukwa manambala amafanana. Kasitomala anasangalala, ine ndinadulidwa malipiro.

Mayi Tembo: Chikondi mwanangu, dola silitchinjiriza chilichonse munthu akafufuta row 1. Zonse zidzasanduka #REF!, kutanthauza kuti cell imene fomula ikuloza kulibenso. Ndipo 0 ndi mwayi chifukwa akuonekera. Mukanakhala nambala mu F2, mukanatumiza zolakwika osadziwa. Musanapereke, werengerani mizere itatu pa calculator, makamaka wotsiriza.

Bambo Gondwe: Ya ine sinaonetsepo #REF!.

Nabanda: Chifukwa yanu imalakwa mwakachetechete, bambo.

Yamikani: Kodi reti ya randi mukutenga ya kubanki kapena ya pa Mwanza? Zikusiyana kwambiri masiku ano.

Mayi Tembo: Imeneyo musaifunse pagulu pano.