Nthano ya Pusi ndi Kamba ya ku Philippines: ndimuyankhe bwanji mdzukulu?

Nangozo wa ku Mabvuku:
Abale, ndithandizeni. Dzulo magetsi atazima ndinakhala pakhonde ndi mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri, n'kumufotokozera nthano imene mwana wanga anandiwerengera pafoni. Pusi ndi Kamba anatola mtengo wa nthochi ukuyandama mumtsinje, n'kugawana. Pusi anathamangira kunsonga poona masamba obiriwira, Kamba n'kutsala ndi tsinde. Wa Pusi unafota, wa Kamba unabereka. Poti Kamba sakwera mumtengo, Pusi anakwera n'kudya zonse. Kamba anatchera minga pansi, Pusi potsika n'kubayidwa. Pusi atamugwira Kamba anati, "Ndikusinje mumtondo kapena ndikuponye m'madzi?" Kamba analira kuti m'madzi mokha ayi, amira. Anamuponya momwemo, iye n'kusambira ulendo.

Mwanayo anasiya kukukuta chimanga chake chootcha n'kufunsa: "Agogo, nanga Kambayo sananame?" Ine kakasi. Ndimamuletsa bodza tsiku ndi tsiku, ndiye ndinene chiyani?

Phiri wa ku Dzivaresekwa:
Mayi, musavutike mtima. Ife tinakulira nthano za Kalulu, ndipo palibe anasanduka wabodza chifukwa cha izo. Muuzeni ayang'ane amene anayamba. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nabanda:
A Phiri, ine za mingazo sizindisangalatsa. Bodza la m'madzi ndalimvetsa, moyo unali pachiswe. Koma minga kunali kubwezera. Mayi Nangozo, mulekanitsireni ziwirizi, mwana wofunsa chotere akumvetsani. Ndipo ngati muli ndi nthochi kuseri kwa nyumba, mukumbireni aone tsinde lake. Wanga ndinamuonetsa, anadabwa kuti mphukira zimachokera pansi, masambawo n'kukongola chabe.

Mwale, mphunzitsi ku Highfield:
Nthanoyi inatchuka chifukwa cha José Rizal, ngwazi ya dziko la Philippines. Anaijambula zithunzi ali ku Paris, ndipo mu 1889 anaisindikiza ku London m'Chingerezi, akuiyerekeza ndi ya ku Japan ya pusi ndi nkhanu. Nthawiyo dziko lake linkalamulidwa ndi Spain, ndipo iye anaphedwa ndi boma lomwelo mu 1896. Ndikaiwerenga ndimaona wofooka amene alibe bwalo lokadandaulako.

Nangozo wa ku Mabvuku:
Zikomo nonse. Nthochi ilipo pafupi ndi mpopi. Akaweruka kusukulu titenga khasu, za mingazo ndimufunsa iye kaye kuti akanatani.